Kusankha chopangira khofi cha pamanja choti chipirire ulendo ndi kugona m'tenti

Funso ili lakhala likundipeza mobwerezabwereza: "Ndikufuna kumamwa khofi weniweni ndikakhala pa ulendo kapena ndikakagona m'tenti. Ndigule chopangira chiti chosafuna magetsi, choti sichidzandifera panjira?" Wofunsayo amayembekezera kuti ndingotchula dzina limodzi, iye akagule, nkhani ithere pomwepo. Dzina lokha silithandiza, chifukwa chimene chimatumikira bwino munthu woyenda yekha wapansi chimakhumudwitsa banja la anthu asanu loyenda pa galimoto. Ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zimene ndimayankha.

Mfundo imodzi muisunge pamene mukuwerenga. Chopangira khofi sichifa thupi lonse. Chimafera pa kanthu kamodzi kakang'ono, kaya labala, chogwirira kapena kasefa, ndipo kanthu kameneko ndi kamene anthu sakayang'ana pogula.

1. Yambani ndi ulendo wanu, osati ndi zimene zili pa shelefu

Musanagwire katundu aliyense, dziyankheni mafunso anayi. Omwa khofi mulipo angati? Katundu muzisenza kumsana kapena adzakhala m'galimoto? Madzi muziwiritsira pa chiyani, kambaula ka gasi, moto wa nkhuni, kapena ketulo ya m'chipinda chogona alendo? Nanga kumene mukupitako madzi ndi ochuluka bwanji?

Funso lomalizali ambiri amalidumpha, koma ndi limene lidzalamulire m'mawa uliwonse. Pamene pali mpopi, chopangira chilichonse ndi chabwino. Pamene madzi onse a tsikulo ali m'mabotolo awiri amene mwasenza nokha, kapu iliyonse yothera kutsuka ndi kapu imene mudzaisowa masana dzuwa likuswa mtengo.

2. Dziwani mitundu isanu imene mudzakumane nayo

AeroPress ndi mapaipi awiri a pulasitiki, ina yolowa m'kati mwa inzake ngati jekeseni wamkulu. Mumathira ufa wa khofi ndi madzi otentha, kutakasa, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako kukankha ndi dzanja kuti khofi adutse pa kapepala kosefera. Anaipanga Alan Adler m'chaka cha 2005, ndipo mu 2019 kunabwera yaing'ono yotchedwa AeroPress Go imene imalowa yonse m'kapu yake. Imapanga kapu imodzi pa nthawi.

Moka pot ndi kapoto ka zigawo zitatu kamene kanayamba ku Italy ndi Alfonso Bialetti mu 1933. Pansi pamakhala madzi, pakati kafanelo kothiramo ufa, pamwamba pofikira khofi. Nthunzi imakankha madzi kuti akwere kudutsa mu ufa. Khofi wake ndi wamphamvu koma wochepa. Apa ambiri amalakwitsa: akaona palembedwa kuti "makapu 3" amaganiza makapu athunthu, pamene ndi timakapu tating'ono ta espresso (khofi wamphamvu womwa pang'ono), tonse pamodzi pafupifupi mamililita 130.

French press ndi chikho chachitali chokhala ndi ndodo ya sefa ya waya. Ufa umaviikidwa m'madzi otentha mphindi 4, kenako mumatsitsa sefa. Ndi yokhayo pa mitundu isanuyi imene imamwetsa gulu nthawi imodzi mosavuta.

Pour-over ndi fanelo yoika pamwamba pa kapu, m'kati mwake muli pepala. Nzeru yosefa khofi ndi pepala inachokera kwa Melitta Bentz wa ku Dresden ku Germany mu 1908, ndipo lero yodziwika kwambiri ndi V60 ya kampani ya Hario ya ku Japan. Phin nayo ndi kachitini ka chitsulo ka ku Vietnam kokhala ndi timabowo pansi ndi kambale kopsinjira ufa. Safuna pepala, khofi amadontha pang'onopang'ono mphindi 4 kapena 5.

Palinso njira yosafuna kugula kanthu, yowiritsa madzi m'poto, kuphula, kuthiramo ufa wokhakhala ndi kudikira kuti nsenga zikhale pansi. Muiphunzire, chifukwa ndiyo idzakupulumutseni tsiku limene china chilichonse chakana.

3. Chotsani pa mndandanda galasi ndi dongo

Pano sindichedwapo. Galasi ndi ziwiya zadongo lowotcha ndi za pakhomo. Ngakhale mutazikulunga m'juzi, tsiku lina chikwama chidzatsika pa galimoto ndi mphamvu, ndipo mudzapisa dzanja m'zidutswa zakuthwa. French press ya pa ulendo ikhale ya chitsulo, V60 ikhale ya pulasitiki kapena chitsulo.

Chitsulo chosachita dzimbiri ndi cholemera koma chimapirira. Mukaona palembedwa 18/8 kapena 304, ndi chitsulo cha mtundu wabwino wa ziwiya zophikira. Chokhala ndi makoma awiri chimasunga kutentha, zimene zimathandiza m'mawa wozizira. Aluminiyamu ndi yopepuka, koma imapindika ikagwa, ndipo ukaisunga yonyowa imatuluka timadontho toyera m'kati. Titaniyamu ndi yopepuka ndi yolimba pamodzi, kungoti ndi yokwera mtengo, ndipo imayenera munthu amene akuwerengera galamu iliyonse ya kumsana. Pulasitiki musainyoze. Yamtundu wa polypropylene imapirira madzi owira ndipo ikagwa imangodumpha. Mdani wake ndi lawi la moto.

4. Pezani kanthu kamene kadzayambe kufa

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadutsa mothamanga, pamene ndi pogona nkhani. Gwirani chopangiracho, chimasuleni chonse, muyale zigawo zake patebulo. Chilichonse chofewa, chosuntha kapena chaching'ono moti chingasowe mu udzu, chimenecho ndiye chofooka chake.

Pa moka pot yambani ndi gasiketi, labala wozungulira amene ali pansi pa chigawo cha pamwamba. Ntchito yake ndi kutseka mpata kuti nthunzi isathawire m'mbali. Akauma kapena kung'aluka, mudzaona madzi akuchucha pa mazinga, pamene zigawo ziwiri zimamangana, ndipo khofi sakwera. Gasiketi ndi kanthu kopepuka kwambiri, choncho gulani yapadera tsiku lomwelo limene mukugula poto, ya saizi yomweyo. Kenako onani mlomo wa kafanelo. Ukapindika pang'ono chabe, nthunzi imadutsa pambali, ngakhale gasiketi ili yatsopano. Nchifukwa chake simuyenera kumenyetsa kafanelo pa mwala pochotsa nsenga. Onaninso valavu, kabatani kachitsulo kamene kali m'mbali mwa chigawo cha pansi. Ndi chitetezo chanu: njira ya khofi ikatsekeka, nthunzi imatulukira pamenepo. Poto wopanda valavu, kapena amene valavu yake yamatika ndi litsiro la madzi, asapite pa moto.

Chogwirira ndinachiphunzira pa moto wa nkhuni. Ndinakhazika moka pot pakati pa moto, malawi akunyambita m'mbali. Ndisanamve fungo la khofi ndinamva la pulasitiki yopsa, ndipo chogwirira chinali chitawerama, chikudontha pa phulusa. Khofi anakwera ndithu, koma ndinaphula ndi kansalu konyowa, ndipo masiku otsala a ulendowo ndinkathira ndi dzanja lokulunga nsalu. Ngati moto wanu ndi wa nkhuni, funani ya chogwirira cha chitsulo, apo ayi kokerani makala ochepa pambali n'kukhazika poto m'mphepete, chogwirira chitaloza kunja.

Pa AeroPress chimene chimatha ndi labala wa kumapeto kwa chokankhira. Akafooka, mumamva chokankhira chikutsika mopepuka ndipo mpweya ukutuluka m'mbali. Chimamufulumizitsa kutha ndi kusunga atapanikizika m'kati mwa paipi. Mukamaliza, kankhani mpaka labala atulukire kunja kwa paipi, kapena patulani zigawo ziwirizo. Labala ameneyu amagulitsidwa payekha. Koma pa ulendo chimene chimasowa kawirikawiri ndi kachivundikiro kakuda kosungira pepala. Mukamasula m'mamawa kusanache bwino n'kuika pansi, kamazimirira mu udzu, ndipo popanda kameneko chopangira chonse chilibe ntchito. Khalani ndi chizolowezi chokaika m'kapu nthawi yomweyo mukakamasula.

Pa French press masulani sefa. Yabwino imapatuka zigawo zitatu, mbale ya pansi, waya wosefera ndi mbale ya pamwamba yokhala ndi sipuling'i m'mphepete. Ngati zinakhomeredwa pamodzi moti sizipatuka, nsenga zidzabisala pakati pake ndipo waya akang'ambika simungasinthe. Yendetsani chala m'mphepete mwa waya. Akayamba kuthothoka, nsenga zimadutsa n'kufika m'kapu. Ndodo nayo imapindika ikapanikizidwa m'chikwama itatuluka kunja, choncho muzilongeza mutaitsitsa mpaka pansi.

Pour-over ilibe chosuntha chilichonse, n'chifukwa chake thupi lake limakhalitsa kuposa zonse. Chofooka chake ndi pepala. Limatha, limanyowa, ndipo mapepala sasinthanitsika: pali osongoka pansi ngati a V60, pali a pansi posalala, palinso opapatiza pansi ngati mzere. Pa ulendo wautali mukhoza kusowa a mtundu wanu. Werengani makapu a ulendo wonse, wonjezerani ena, muwasunge m'kathumba kotseka kosalowa madzi. Phin ilibe vuto limeneli. Pa iyo samalani kambale kopsinjira, kamene kamapindika ndi kusowa msanga.

Mukamaliza kuyala zigawo, funsani mafunso atatu pa kanthu kofooka kamene mwapeza. Kodi ndingakachotse ndi manja popanda sipanala? Kodi kamagulitsidwa pakokha? Kakafa m'mawa wina kutali ndi sitolo, kodi ndingamwebe khofi? Chopangira chimene chayankha bwino mafunso atatuwa ndi cholimba kuposa china cha chitsulo chokhuthala chimene labala wake sapezeka kulikonse. Pachifukwa chomwechi ine ndimapewa timakina ta espresso topopa ndi dzanja pa ulendo wa kutchire. Timapanga khofi wokoma, koma tili ndi timalabala ndi tizigawo tambiri, ndipo kalikonse ndi khomo la vuto.

5. Ganizirani kutsuka musanaganizire kakomedwe

Nsenga ndi ufa wonyowa umene umatsala khofi akasefedwa. Kunyumba sitiziganizira chifukwa mpopi umatichotsera. Kutchire ndi katundu amene muyenera kudziwa kopita naye.

AeroPress ndiyo yosavuta. Mukakankha mpaka pansi, nsenga zimaumbika ngati kabisiketi. Mumamasula chivundikiro, kukankhira kabisiketiko m'thumba la zinyalala, kupukuta labala ndi madzi a supuni ziwiri, basi. Pour-over mumangonyamula pepala ndi nsenga zake. Moka pot imafuna kudekha: dikirani izizire, masulani, tembenuzani kafanelo pamwamba pa thumba n'kuuzira mpweya ku kapaipi kake, nsenga zidzagwa zonse pamodzi.

French press ndiyo imadya madzi. Pansi pake pamatsala matope amene satuluka ukangotembenuza. Njira imene ndimatsata ndi iyi. Tsanulirani khofi yense mpaka dontho lomaliza, chotsani ndodo, palani matopewo ndi supuni kuika m'thumba. Kenako thirani madzi ochepa, khutchumulani, bwezerani sefa, tsanulani madzi okha, n'kupalanso zotsalira. Zimatenga nthawi, koma simufika pothera botolo lonse. Ngati mukuona kuti ntchito imeneyi simudzaichita m'mawa uliwonse zala zitauma ndi chisanu, musagule French press ya ulendo wapansi, ngakhale mumaikonda kunyumba.

Ena amati nsenga ndi manyowa, ndiye amangomwaza pafupi ndi tenti. Musatero. Fungo lake limakopa nyama, kafeini amene watsalamo ndi woopsa kwa agalu, ndipo malo ogona anthu ambiri amasanduka dzala aliyense akamataya zake. Zibwerere nanu m'thumba. Potsuka, musatsukire mumtsinje kapena m'nyanja. Tungani madzi, pitani nawo mamita pafupifupi 60 kuchokera pa madziwo, mutsukire kumeneko.

Musalongeze chonyowa. Chopangira chotsekedwa chili ndi chinyezi chimachita chuku m'masiku ochepa, ndipo mafuta a khofi otsalira amasasa n'kuwononga kapu iliyonse yotsatira. Ngati nthawi yonyamuka yakwana chisanaume, longezani chosamanga, mukachiyanike pamene mukapumire masana.

Sefa ya chitsulo yolowa m'malo mwa pepala imakumasulani ku nkhawa ya mapepala, koma imafuna madzi otsukira, ndipo imalola mafuta a khofi kudutsa. M'mafutawo muli mankhwala achilengedwe otchedwa cafestol, amene amakweza kolesitolo (mafuta a m'magazi) kwa munthu womwa khofi wosasefedwa ndi pepala wambiri tsiku ndi tsiku. Ngati dokotala anakuchenjezani za kolesitolo, khalani ku pepala.

6. Gwirizanitsani chopangira ndi moto wanu

Mitundu inayi imangofuna madzi otentha ochokera kulikonse. Moka pot yokha ndiyo imakhala pa moto, choncho iyeseni pa mbaula yanu. Tsinde la moka pot yaing'ono nthawi zina limachepa pa zitsulo za kambaula ka gasi, poto n'kupendekeka. Pali kachitsulo kopingasa koika pamwamba kamene kamathetsa zimenezi. Lawi lisapitirire tsinde la poto. Madzi alekeze pansi pa valavu, ufa mudzaze kafanelo koma osatsindira, ndipo mukamva kulira kwa thovu phulani, chifukwa madzi otsiriza ndi amene amabweretsa kuwawa kopserera.

Pour-over imavutika ndi mphepo. Madzi amathiridwa pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu, ndipo panja pozizira amazizira asanamalize ntchito, khofi n'kutuluka wowawasa. Imafunanso ketulo ya kamlomo kowonda kuti muthire mofatsa. Kuthira ndi poto wa mlomo waukulu kumakumba dzenje pakati pa ufa. Khalani mozembera mphepo, ndipo yambani mwatenthetsa kapu ndi madzi pang'ono.

Khofi amafuna madzi otentha pakati pa madigiri 90 ndi 96 a Celsius. Pa mlingo wa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, choncho mukaphula dikirani theka la mphindi. Mukamakwera phiri, madzi amawira pa kutentha kotsika, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse. Pa mamita 2000 amawira cha pa madigiri 93, pa mamita 3000 cha pa 90. Kumeneko thirani akangowira, osadikira.

Machenjezo atatu amene sali a khofi koma a moyo. Musayatse mbaula m'tenti yotseka, chifukwa mpweya wa carbon monoxide umene moto umatulutsa sununkha ndipo umapha. Potchinga mphepo, musazinge kachitini ka gasi mbali zonse, kangatenthe mopitirira. Ndipo zitini za gasi saloleza m'ndege, ndiye ngati ulendo wanu ndi wouluka, gasi mukagule kumene mukupita.

7. Konzani ufa ndi muyeso mukadali kunyumba

Muyeso woyambira ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza magalamu 15 pa kapu ya mamililita 250. Simufunika kunyamula sikelo. Yezani kunyumba, muone kuti magalamu 15 akudzaza supuni yanu ya pa ulendo kangati, nthawi zambiri amakhala masupuni aakulu atatu. Ikani chizindikiro m'kapu pamene madzi ayenera kulekeza.

Kaperedwe kagwirizane ndi chopangira. French press ndi njira ya m'poto zimafuna ufa wokhakhala ngati mchere wosasinja. Pour-over imafuna wapakati ngati mchenga. AeroPress ndi moka pot zimafuna wosalala kuposa pamenepo, koma wosafika ponga ufa wa tirigu. Cholakwika chofala ndi kugula ufa wosalala kwambiri n'kuthira mu French press. Sefa imatsekeka, munthu amakankha ndi mphamvu, ndodo imapindika kapena madzi otentha amathovokera pa dzanja. Sefa ikakana kutsika, ikwezeni pang'ono n'kutsitsanso mofatsa.

Pa ulendo wosapitirira sabata, perani kunyumba, muike m'chotengera chotseka bwino. Chopera cha pamanja chimayenera ulendo wautali. Chokhala ndi mano a chitsulo chimapera msanga, cha mano adongo lowotcha sichichita dzimbiri koma mano ake amabenthuka chikagwa kapena kamwala kakalowa. Zina zing'onozing'ono zimalowa m'kati mwa chokankhira cha AeroPress, malo n'kusungika.

8. Yesani panja masiku atatu musananyamuke

Tulukani pabwalo m'mamawa ndi mbaula, kapu, supuni ndi botolo limodzi la lita, zomwezo zimene mudzanyamule. Osalowa m'khitchini kukatenga kanthu. Pangani khofi pansi, osati patebulo, kuti muone ngati chopangira chikukhazikika pa kapu yanu. AeroPress imafuna kapu yolimba ya mlomo wokwanira, chifukwa mumaitsamira ndi thupi, ndipo kapu yopinda kapena yopyapyala imafwafwanizika khofi wotentha ali m'kati. Tsukani ndi madzi a m'botolomo, muone otsala. Chimene chidzakusoweni pa masiku atatuwa ndi chimene chikanakusowani kutchire.

Mukandifunsa kuti ine ndimanyamula chiyani, yankho limatengera ulendo. Ndikamayenda ndekha wapansi kapena kugona m'nyumba za alendo, ndimatenga AeroPress chifukwa cha kutsuka kwake. Tikakhala anayi kapena kuposa ndi galimoto, madzi alipo, French press ya chitsulo ya lita imodzi. Moka pot ndimatenga pokhapokha ndili ndi mbaula ya gasi, komanso omwa tisapitirire awiri. Ulendo ukakhala wa masabata ambiri kumene mapepala sangapezeke, phin ya chitsulo.

Polongeza, chopangira chikhale pakati pa zovala, osati pansi pa chikwama pamene chimagundira nthaka. M'kati mwake ikani kathumba kotseka kokhala ndi labala kapena gasiketi yapadera, mapepala a ulendo wonse ndi ena asanu oonjezera, kansalu kopukutira, ndi thumba lachiwiri lopanda kanthu losungiramo nsenga.